Sheya ya K100 ikhoza kudula kuposa ya K8,000: tikambirane za P/E ya mabanki

Ndinalonjeza kuti ndilemba za masheya a mabanki, ndiye lero basi yachedwa kunyamuka, ndapeza mpata.

Nkhaniyi yachokera pa chipereganyu chathu. Tilipo anthu 12, ndipo kupatula ndalama yozungulira ija, takhala tikuponya kenakake pambali mwezi ndi mwezi. Pano zakwana R60,000. Tonse tinagwirizana kuti ndalamayi isamangogona, tigulire masheya a banki. Mkangano unabuka pamene alamu anga anaimirira n'kunena kuti: "Tigule a kumudzi, ndi otchipa. Sheya imodzi ya Capitec inadutsa R3,000, pomwe kwathu ndalama yomweyo ukhoza kutenga nayo masheya mazanamazana." Anthu anawomba m'manja. Ine ndinangoti chete, chifukwa alamu satsutsidwa pagulu, koma mumtima ndinadziwa kuti tikapita ndi maganizo amenewa tikagula mphaka m'thumba.

Mtengo wa sheya imodzi paokha sukuuzani chilichonse. Banki ili ngati mbuzi yophedwa. Wina aidula nthuli 20, wina mbuzi yofanana nayo aidula nthuli 2,000. Wa nthuli zing'onozing'ono uja akamakuwa kuti zake ndi zotchipa, funso loyamba ndi lakuti: nthuliyo ndi yaikulu bwanji? Banki ina inadzigawa masheya mabiliyoni, ina mamiliyoni ochepa. Ndiye kuyerekeza mtengo wa sheya ya iyi ndi ya iyo kuli ngati kuyerekeza mtengo wa kapu ya mpunga ndi wa thumba.

Chimene timagula kwenikweni tikamagula sheya ndi gawo la phindu la bizinesiyo. Izi ine ndinaziphunzira ndi thumba langa, osati m'kalasi, chifukwa sukulu ndinalekezera Fomu 4.

Chaka cha 2016 ndinagula spaza kwa munthu wina amene amabwerera kwawo. Anaitchaja R120,000 pamodzi ndi mafiriji ndi katundu wa m'mashelefu. Anandionetsa kope lake, ndipo tikachotsa lendi, magetsi, malipiro a mnyamata ndi ndalama yopikulira katundu, pamatsala R5,000 pa mwezi. Pa chaka ndi R60,000. Ndinagawa 120,000 ndi 60,000, ndinapeza 2. Ndinati aaa, zaka ziwiri zokha ndalama yanga yabwerera, zotsalazo ndi zanga. Ndinalipira.

Nambala ya 2 imeneyo ndiyo anthu a masuti amaitcha P/E, kapena kuti price-to-earnings ratio. P ndi mtengo umene ukulipira, E ndi phindu la pa chaka. Ukagawa mtengo ndi phindu, yankho lake likukuuza kuti ukulipiriratu phindu la zaka zingati. Tonsefe timawerengera zimenezi tikamagula minibasi, saluni kapena malo a pamsika, kungoti sitinkadziwa dzina lake. Za spaza ija ndibwererako, chifukwa sizinathe bwino.

Pa masheya mawerengedwe ake ndi omwewo, kungoti timawerengera pa sheya imodzi. Tiyerekeze mabanki awiri, manambalawa ndangopeka kuti timvane. Onse awiri apanga phindu lofanana, K60 biliyoni pa chaka atachotsa msonkho. Banki A ili ndi masheya 12 biliyoni, ndiye sheya iliyonse yapeza K5. Banki B ili ndi masheya 60 miliyoni okha, ndiye sheya iliyonse yapeza K1,000. Phindu la pa sheya imodzi limeneli m'malipoti amalilemba kuti EPS. Tsopano pamsika sheya ya A ikugulitsidwa K100, ya B ikugulitsidwa K8,000. Alamu anga athamangira A. Koma gawani: 100 kugawa ndi 5 ndi 20. 8,000 kugawa ndi 1,000 ndi 8. Ku A mukulipira phindu la zaka 20, ku B la zaka 8. Mukafuna kugula banki yonse, A ikukudyerani K1,200 biliyoni pomwe B ndi K480 biliyoni, koma phindu lawo ndi limodzimodzi. Yodula ndi ya K100 ija.

Manambala enieni sovuta kuwapeza. Mabanki onse amene ali pamsika wa masheya amakakamizidwa kusindikiza zotsatira zawo, pakati pa chaka ndi kumapeto. Kwathu, pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pali National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank ndi FMB Capital Holdings, ndipo malipoti a sabata ndi sabata a ma stockbroker amakhala ndi P/E yowerengeratu. Kuno pa JSE pali Standard Bank Group, FirstRand amene ndi eni ake a FNB, Absa, Nedbank ndi Capitec. Kuno muziyang'ana mawu akuti headline earnings per share, kapena HEPS. Limeneli ndi phindu limene achotsamo zongochitika kamodzi, monga kugulitsa nyumba kapena nthambi ya kampani, ndipo ndi limene anthu ambiri kuno amagwiritsa ntchito powerengera P/E. Chenjezo laling'ono: JSE imalemba mitengo m'masenti. Mukaona 25000 musakomoke, ndi R250. Chinanso, chaka cha mabankiwa sichitha nthawi imodzi. Cha Capitec chimatha mu February, cha FirstRand mu June, cha Standard Bank, Absa ndi Nedbank mu December. Ndiye muziona kuti E amene mukugawa nayeyo ndi wa liti, mungayerekeze phindu latsopano la uyu ndi lakalekale la winayo.

Mpaka apa zikumveka zophweka: tengani ya P/E yotsika basi. Ndi mmene ndinkaganizira nanenso. Tibwerere ku spaza.

Nditalowa m'shopu muja, mwezi woyamba panatsala R2,300. Wachiwiri R1,800. Nditafufuza bwino ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, masamba amene anandionetsa aja anali a November ndi December, nthawi ya mabonasi, pamene aliyense amagula ngati mawa kulibe. Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka: pansi pa kauntala panali kabuku kena, ka ngongole. Mwini wake uja amapereka buledi, shuga ndi mafuta pangongole, n'kumalemba m'kope lalikulu ngati wagulitsa. Pa pepala linali phindu. M'manja munalibe kanthu. Ena mwa anthu a m'kabukumo anali atasamuka kalekale, ena nditawapeza anati ngongoleyo anatenga kwa uja, osati kwa ine. Chaka chonse ndinapeza pafupifupi R24,000. Ndiye P/E yanga yeniyeni sinali 2, inali 5. P ndinalipira weniweni, koma E anali wabodza.

Tsono banki ndi kabuku ka ngongole kokhakokha. Ndiyo ntchito yake. Imatenga ndalama zathu zimene tasungitsa, n'kubwereketsa ena pa chiwongola dzanja chokwera. Phindu la chaka chino limadalira mmene akuluakulu a bankiyo aganizira kuti pa ngongole zimene apereka, ndi zingati zimene sizidzabwezedwa. Ndalama imene amapatula kukonzekera ngongole zoterezi amailemba kuti impairments kapena credit losses, ndipo imachotsedwa pa phindu. Akapatula zochepa, phindu lioneka lonenepa ndipo P/E ioneka yotsika, yokopa. Zikadzavuta anthu n'kulephera kubweza, phindu la zaka zingapo likhoza kufufutika chaka chimodzi. Shopu ya nsapato ikagwa m'mavuto imatsala ndi nsapato. Banki imatsala ndi mayina a anthu.

Amene munalipo kuno mu 2014 mukukumbukira za African Bank. Inkabwereketsa anthu wamba ndalama popanda chikole, ndiponso inali ndi mashopu a mipando a Ellerines. Kwa zaka zingapo inkalengeza phindu ndipo imaoneka bwinobwino. Ngongole zosabwezedwa zitachuluka, sheya yake inayamba kutsika, ndipo ena ankaona ngati ndi mwayi wogula motchipa. Mu August 2014 inagwa ndi 90% ndi kupitirira m'masiku ochepa chabe, ndipo South African Reserve Bank inailanda n'kuiika m'manja mwa woyang'anira. Dzinalo lilipobe lero chifukwa anadzakhazikitsa banki yatsopano, koma amene anali ndi masheya akale aja analira. Ndiye mukaona P/E yotsika kwambiri kuposa ya anzake, musayambe ndi kusangalala. Yambani ndi kufunsa kuti anthu akuopa chiyani pamenepa. Nthawi zina akuopa zachabechabe ndipo ndi mwayi wanu. Nthawi zina akuona kabuku ka pansi pa kauntala kamene inu simunakaone.

Mbali inayo ndi Capitec. Kwa zaka zambiri P/E yake yakhala ikuyenda pamwamba pa 20, pomwe mabanki akuluakulu enawo nthawi zambiri amakhala mozungulira 10, ena pansi pake. Mwa mawerengedwe athu aja ndiye kuti ndi yodula kawiri kapena kuposa. Nanga bwanji anthu amaigulabe? Chifukwa phindu lake lakhala likukula mwachangu. Inalowa pa JSE mu 2002 sheya ili pa ma rand ochepa chabe, pano ambiri a ife m'gulu muno tikuidziwa ndi maso. Onani masamu ake. Phindu likamakula ndi 20% chaka chilichonse, pakatha zaka 4 limakhala litawirikiza kawiri. Amene wagula pa P/E ya 24 lero, pa mtengo umene analipirawo P/E yake idzakhala pafupifupi 12 pakatha zaka zinayizo. Ali ngati munthu wogula shopu pamalo pamene akumanga siteshoni ya basi: akulipirira makasitomala amene sanabwere.

Koma siteshoniyo ikapanda kumangidwa? Kukula kuja kukaima, anthu sadzavomeranso kulipira phindu la zaka 24. Akati tsopano ndi banki ngati ina iliyonse, tilipira zaka 12, mtengo wa sheya wagwa ndi theka ngakhale bankiyo isanaluze ngakhale senti imodzi. Mu January 2018 gulu lina lotchedwa Viceroy litatulutsa lipoti lokayikira ngongole za Capitec, sheya inatsika kwambiri tsiku limodzi. Reserve Bank inanena kuti bankiyo ili bwino ndipo mtengo unadzabwerera, koma tsiku limenelo linaonetsa mmene sheya ya P/E yokwera imanjenjemerera ndi mphekesera. Ine sindikunena kuti ndi yoipa kapena yabwino. Ndikungoti yodula ili ndi chifukwa chake, yotchipa ilinso ndi chake, ndipo ntchito yathu ndi kupeza chifukwacho.

Tsopano za kumudzi, kumene mtima wa alamu anga uli. Mfundo yawo ina ndi yoona ndithu. FDH Bank inalowa pamsika mu 2020 sheya ili pa K10, ndipo amene anagula nthawi imeneyo anakolola zenizeni. Mabanki a kwathu akhala akulengeza phindu lokwera chaka ndi chaka, mitengo ya masheya nayo inakwera kwambiri. Koma amene akugula lero sakugula pa K10. Akugula pa mtengo wa lero, ndipo ngati mtengo wathamanga kuposa phindu, P/E yakwera. Phindu la mnzako amene anafika m'mawa pamsika si lako iwe wofika madzulo.

Ndiye palinso funso lija: E ameneyu akuchokera kuti? Gawo lalikulu la ndalama za mabanki a kwathu limabwerekedwa ndi boma kudzera mu ma treasury bill ndi ma treasury note. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26%, ndipo boma limabwereka kwa chaka chimodzi pa chiwongola dzanja choposa 20%. Banki ikatenga ndalama zathu za mu akaunti zimene imatipatsa pang'ono kapena osatipatsa kanthu, n'kubwereketsa boma pa mtengo umenewo, phindu silingalephere. Koma zikutanthauza kuti m'kabuku ka ngongole muja muli kasitomala mmodzi wamkulu kwambiri. Chiwongola dzanja chikatsika, phindu limenelo lichepa. Kasitomalayo akavutika kubweza, nkhani imakhala ina. Ku Ghana zinachitika: mu December 2022 boma linauza amene analibwereketsa ndalama m'dzikomo kuti asinthe mapepala awo ndi ena a chiwongola dzanja chochepa ndi nthawi yaitali, ndipo mabanki ambiri kumeneko analengeza kuti aluza m'chaka cha 2022. Sindikulosera kuti kwathu zidzatero. Ndikungoti amene akuika ndalama za anthu 12 ayenera kutsegula lipoti la bankiyo n'kuona kuti yabwereketsa boma zingati poyerekeza ndi zimene yabwereketsa anthu ndi makampani.

Chimene chimatikhudza kwambiri ife okhala kunja ndi kwacha. Timapeza ndalama m'ma rand, m'madola kapena m'mapaundi, ndipo lendi timalipira mu ndalama zomwezo. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25%. Mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44%, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kapena chapompo. Amene mumatumiza katundu mukukumbukira bwino sabata imeneyo. K1 miliyoni imene inali pafupifupi madola 850 inasanduka madola osakwana 600 usiku umodzi. Ndiye banki ikalengeza kuti phindu lakwera ndi 40% m'chaka choterocho, kwa inu amene mukuwerengera m'madola silinakwere, latsika pang'ono. Onjezerani vuto la kusowa kwa ndalama zakunja m'mabanki. Kulowetsa ndalama kumudzi n'kosavuta, kuzitulutsa ndiye mukudziwa nokha.

N'chifukwa chake P/E ya ku Blantyre ndi ya ku Johannesburg siziyerekezeka mwachindunji. Pali kanjira kamene kamandithandiza: gawani 100 ndi P/E, mupeza phindu la pa chaka pa 100 iliyonse imene mwaika. P/E ya 8 ikupereka 12.5%. Kuno, kumene kukwera kwa mitengo ya zinthu mu 2024 kunali pansi pa 6%, nambala imeneyi ndi yabwino. Kwathu, kumene chaka chomwecho mitengo imakwera ndi 30% ndi kupitirira miyezi yambiri, 12.5% yomweyo ndi yochepa, ndipo treasury bill yokha ikanakupatsani zoposa pamenepo. Kuti sheya ya kwathu ya P/E ya 8 ikhale yaphindu, phindu la bankiyo liyenera kumakula mofulumira kuposa mitengo ya zinthu, osati chaka chimodzi chokha. Zakhala zikutheka. Funso ndi lakuti zipitirira mpaka liti, ndipo P/E payokha siyankha funso limeneli.

Tisaiwalenso kuti E si ndalama yolowa m'thumba mwanu. Banki imasunga gawo la phindu kuti ikule ndiponso kuti ikwaniritse malamulo a Reserve Bank okhudza mpamba. Zimene mumalandira ndi dividend, ndipo nayonso imadulidwa msonkho, kuno ndi 20%. Amene akufuna kumalandira kenakake chaka chilichonse ayang'ane nambala ya dividend padera.

Pa mabanki, odziwa amayang'ananso nambala ina pambali pa P/E, yotchedwa price-to-book. Iyi imayerekeza mtengo wa sheya ndi mpamba weniweni wa eni ake, ndiye kuti zonse zimene banki ili nazo kuchotsa zonse zimene iyenera kubweza. Pa spaza paja ndiye mafiriji ndi katundu kuchotsa ngongole za kwa opikulitsa. Phindu limadumphadumpha chaka ndi chaka, mpamba sudumpha chotero. Mukaona P/E yotsika koma mtengo uli kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuposa mpamba, ndiye kuti bankiyo ikupanga phindu lalikulu zedi pa mpamba wochepa, ndipo muyenera kudzifunsa ngati phindu lotere ndi lokhalitsa kapena ndi December wa spaza uja.

Pa chipereganyu chathu ndapempha kuti tisavote kaye. Ndagawa ntchito. Alamu anga atenga mabanki awiri a kwathu amene akuwakonda, ine ndatenga awiri a kuno. Aliyense abwere ndi pepala limodzi lolembapo mtengo wa sheya wa tsiku limenelo, EPS ya zaka zitatu zapitazi osati chaka chimodzi chokha, P/E yowerengera yekha ndi foni, ndalama zimene bankiyo yapatula pa ngongole zosabwezedwa zaka zitatu zomwezo, ndi zimene yabwereketsa boma. Pa a kwathuwo ndati EPS aisinthenso kukhala m'ma rand pa mtengo wa chaka chilichonse, tione ngati ikukuladi. Alamu ananyinyirika pang'ono, akuti ndikuwapatsa homuweki ngati mwana, koma avomera.

Palinso funso lina limene ndawauza onse kuti aliganizire kunyumba, chifukwa likusintha yankho lonse: ndalama imeneyi tidzaidyera kuti? Mayi wina mwa ife akumanga nyumba ku Mangochi ndipo akufuna kubwerera pakatha zaka zitatu. Kwa iye phindu la m'makwacha lili ndi ntchito, simenti adzagula ndi makwacha. Wina ana ake onse ali pasukulu kuno, fizi ndi ya ma rand, ndipo kumudzi amangopita ku maliro. Anthu awiriwa akhoza kuona P/E imodzimodzi, wina n'kukhala wolondola kugula, wina n'kukhala wolondola kukana. Mwina mapeto ake tidzagawa R60,000 ija pawiri, kaya.

Tikumana Lamlungu loyamba la mwezi wa mawa tikaweruka ku tchalitchi. Amene munagulapo kale masheya a kwathu muli kunja kuno, tatiuzeniko mmene munatsegulira akaunti ya CSD kwa stockbroker, makamaka ngati anakufunani pamaso kapena zonse zinatheka pa imelo, ndiponso dividend yanu imalowa mu akaunti iti. Kondakitala akuitana, katundu wanga sanamumangebe.